Mankhwala atatu opha udzu, sipuleya imodzi: ndisakanize bwanji?

Funsoli lachokera kwa m'bale wathu wa ku Ntcheu amene amasamalira panja pa puloti ina ku Muldersdrift, kufupi ndi Joni. Akuti: "Abwana anandigulira mankhwala atatu. Oyamba ndi glyphosate wamadzi, wopopera panjerwa zoyala ndi m'mbali mwa mpanda. Achiwiri ndi opha tchire la masamba otambalala m'kapinga, pabotolo palembedwa 2,4-D, dicamba ndi MCPA. Achitatu ndi a timibulu, halosulfuron, ophera dawe. Sipuleya ndili nayo imodzi ya malita 16, madzi ndimatunga a mjigo. Sabata yatha ndinathira awiri oyambawo pamodzi kuti ndikapopere kumpanda, koma madzi anasanduka ngati chambiko, nozo n'kutseka. Mnzanga wa ku Diepsloot akuti iye amaonjezera mchere, dizilo ndi sopo wotsukira mbale kuti mankhwala akhale aukali. Kodi ndingasakanize onse atatu kuti ndithane nazo tsiku limodzi? Ndiyambe kuthira ati?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanathire onse atatu, chifukwa bwenzi pano tikukambirana zosaka ntchito kwina. Onse atatu m'thanki imodzi ayi, ndipo chifukwa chachikulu sichili m'thankimo, chili pansi pamene mukupopera. Glyphosate sasankha. Chilichonse chobiriwira chimene wagwera, kaya ndi chisoso, kaya ndi kapinga wa kikuyu wa abwana, kaya maluwa a adona, amalowa m'masamba n'kutsika mpaka kumizu. Awiri enawo anapangidwa kuti azisankha: aphe tchire kapena dawe, kapinga n'kumusiya. Mukawaphatikiza ndi glyphosate, kusankhako kwathera pomwepo. Choipa chake n'chakuti tsiku lopoperalo simuona kanthu. Kapinga amakhala wobiriwira bwinobwino masiku anayi kapena asanu, ndiye pofika sabata yachiwiri kumatuluka mizere yachikasu yotsata ndendende mmene munkayendera, mpaka pamene munaima kuyankha foni pamaoneka.

Ndiye musanafunse kuti "ndiyambe ati", dzifunseni kuti kodi mankhwalawa akupita pamalo amodzi? Inu muli ndi ntchito ziwiri zosiyana. Yakumpanda ndi panjerwa, kumene mukufuna zonse zife. Yam'kapinga, kumene mukufuna zina zife zina zitsale. Kusakaniza kungaganiziridwe mkati mwa ntchito imodzi basi: halosulfuron ndi mankhwala a masamba otambalala aja m'kapinga, kapena glyphosate ndi mnzake kumpanda. Ngakhale pamenepo, woweruza ndi lebulo.

Kuno ku Joni lebulo si malangizo chabe, ndi lamulo. Mankhwala onse a ulimi amalembetsedwa pansi pa lamulo lotchedwa Act 36 of 1947, ndipo botolo lovomerezeka limakhala ndi nambala yoyamba ndi L. Kugwiritsa ntchito mankhwala mosemphana ndi lebulo ndi mlandu. Tambasulani kapepala kopindapinda kamene kamamatidwa kubotolo, osati kutsogolo kokha kumene kuli chithunzi cha kapinga wokongola. Kalembedwa m'Chingerezi ndi m'Chiafrikaans. Funani pamene palembedwa Compatibility ndi Mixing instructions. Lebulo likatchula dzina la mankhwala enawo kuti angasakanizidwe, pitirirani. Likaletsa, nkhani yatha, ngakhale lebulo la mnzakeyo litalola. Pa awiriwo mumatsatira lokhwimitsa kwambiri. Likangokhala chete, dziwani kuti zikalakwika kampani sidzakuyankhirani. Onaninso ngati mtundu wa kapinga wanu watchulidwa. Kikuyu ndi wolimba, koma buffalo sachedwa kupsa ndi 2,4-D ndi dicamba, ndipo mapuloti ambiri kumtunda kwa mzinda uno amakhala ndi kikuyu padzuwa, LM kapena buffalo pamthunzi.

Tsopano chambiko chanucho. Ndikuganiza kuti munathira madzi pang'ono pansi pa thanki, n'kuthira glyphosate, n'kuthiranso enawo pamwamba pake musanatakase. Glyphosate ndi 2,4-D wamadzi wa mtundu wa amine onse amagulitsidwa ngati mchere wosungunuka (osati mchere wa m'ndiwo). Glyphosate wina ndi wa mchere wa potassium, wina wa isopropylamine. Zalembedwa pamzere wa Active ingredient. Potassium uja akakumana ndi 2,4-D m'madzi ochepa, amagwirana n'kupanga mchere wina wosasungunuka bwino, ndipo umagwa ngati timiyala toyera kapena phala. Madzi akakhala ozizira zimafulumira. Akakhala ndi calcium wambiri zimafulumiranso, ndipo apa ndi pamene ndikukayikira mjigo wanu. Chigawo cha kumadzulo kumeneko, kulowera kumapanga a Sterkfontein, chili ndi miyala ya dolomite, chimodzimodzi madera ena a Centurion ndi Westonaria. Madzi odutsa m'miyala imeneyi amatenga calcium ndi magnesium. Simufunika labotale kuti muyambe kukayika: suzumirani m'ketulo ya kukhitchini. Ngati mkati mwamera chikhungwa choyera, ndipo sopo savuta kutha koma thovu silituluka, madziwo ndi amenewo.

Madzi otere amamanga glyphosate ngakhale osasakaniza ndi chilichonse. Calcium, magnesium ndi chitsulo zimamugwira, ndiye amalowa m'tsamba movutikira. Madzi amatope a m'damu amachita zomwezo, chifukwa glyphosate akakhudza dothi amakakamira pomwepo. Chothetsera vutoli ndi ammonium sulphate wopopera, nthawi zambiri kilogalamu imodzi kapena awiri pa malita 100, kutanthauza magalamu 160 mpaka 320 m'sipuleya yanu, ndipo amalowa m'madzi poyamba, asungunuke, glyphosate abwere pambuyo. Mukatembenuza dongosololo mwangotaya ndalama, popeza calcium amakhala atamugwira kale. Musatenge feteleza wa LAN amene ali m'shedi poganiza kuti ndi yemweyo. LAN, ngati CAN wa kwathu, ali ndi laimu, ndiye mungakhale mukuonjezera matenda omwewo. Koma pali msampha: ammonium sulphate amachititsa dicamba kusanduka mpweya mosavuta n'kuuluka kupita kumene simunamutume. Botolo lanu lachiwiri lili ndi dicamba, choncho m'menemo ammonium sulphate asalowe. Njira yosavuta kuposa zonsezi ndi kusintha madzi. Ngati papulotipo pali thanki ya madzi a mvula, kapena mpopi wa madzi a Rand Water, tungani amenewo.

Kunena zoona, kumpanda ine sindikanasakaniza n'komwe. Glyphosate yekha, pamlingo wake, m'madzi oyera, pa udzu umene ukukula bwino, amakwana. Dicamba amakhalitsa m'dothi ndipo mizu ya mitengo imamuyamwa, pamene m'mbali mwa mpanda ndi mmene mumakhala heji ndi mitengo ya zipatso, yanu ndi ya aneba. Chifukwa chomveka chosakanizira ndi ngati pali tchire limene glyphosate akulephera. Lilipo: Conyza, lija lotalika la timaluwa ta thonjethonje limene anzathu a Chiafrikaans amati skraalhans, linazolowera glyphosate m'madera ena a dziko lino. Pamenepo kuphatikiza mankhwala a magulu awiri osiyana kumathandiza. Malebulo amasonyeza gulu la HRAC, nambala kapena chilembo chosonyeza mmene mankhwalawo amaphera chomera: glyphosate ndi 9 kapena G, 2,4-D ndi dicamba ndi MCPA onse ndi 4 kapena O, halosulfuron ndi 2 kapena B. Koma aliyense alowe pamlingo wake wonse. Ambiri amaganiza kuti poti mankhwala ndi awiri, athire theka la awa ndi theka la awo. Kumeneko ndi kuphunzitsa tchire kupirira, monga munthu amene amasiyira panjira mankhwala a malungo.

Izi si zachilendo kwa ife. Amene analimako chimanga cha mtayakhasu kwathu amakumbukira Roundup, amene ndi glyphosate yemweyo, akupoperedwa pamodzi ndi Harness kapena Bullet pa nthawi yobzala. Kusakaniza kumeneko kuli ndi nzeru yake: wina akupha udzu umene wamera kale, wina akukhala m'dothi kudikira umene ukumera. Ntchito ziwiri, munda umodzi, tsiku limodzi.

Mlingo ndi pamene anthu ambiri a sipuleya yakumsana amagwera. Lebulo limanena za hekitala, inu muli ndi malita 16 kumsana. Yezani malo a mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi panjerwa zouma. Thirani madzi okhaokha m'sipuleya mpaka pamzere wodziwika, popererani malowo mukuyenda ndi kupopa mmene mumachitira masiku onse, kenako onani madzi amene mwabwezera kuti afikenso pamzere. Tinene kuti ndi malita awiri. Ndiye kuti mumathira malita 200 pa hekitala, ndipo thanki yodzaza imakwana masikweya mita 800. Lebulo likati malita atatu pa hekitala, ndi mamililita 30 pa malo mwayezawo, 240 m'thanki yodzaza. Mankhwala achiwiri mumawawerengera chimodzimodzi paokha. Madzi ndi omwewo, sachulukitsidwa. Manambala awa ndi chitsanzo, anu mutenge palebulo ndi pamayendedwe anu, chifukwa munthu wamtali wothamanga ndi munthu wodekha sathira mofanana. Halosulfuron ndiye samalani naye kwambiri: mlingo wake pa hekitala umawerengedwa m'magalamu, osati m'makilogalamu, ndiye kuyeza ndi chivindikiro cha botolo kapena "kutsina" ndi zala n'kosatheka. Pemphani abwana kasikelo kakang'ono, kapena agule wa m'timapaketi toyezeratu.

Mukadziwa milingo, yesani kaye m'botolo musanayese m'thanki. Ine ndimagwiritsa botolo lagalasi la mayonesi lotsukidwa, lolembedwa ndi inki yofiira kuti lisadzabwererenso kukhitchini, ndi sirinji ya ku famase. Mamililita 400 ndi gawo limodzi mwa magawo 40 a thanki yanu, ndiye chilichonse mumagawa ndi 40: mamililita 240 aja amakhala 6. Madzi akhale omwewo amene mukapopere nawo, ozizira mmene alili m'mawa, osati ofunda a m'nyumba. Thirani theka la madziwo, kenako mankhwala amodziamodzi m'dongosolo limene ndinene, mukutseka ndi kutembenuza botolo kakhumi pakati pa aliwonse, potsiriza madzi otsala. Liyikeni pamthunzi mphindi 30. Ndiye linyamuleni kuloza kuwala. Zabwino zimaoneka zamtundu umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ngati pansi padikha kaufa koma mukatembenuza kawiri katatu kakusakanikiranso, zingatheke, bola muzikhutchumula thanki pafupipafupi. Ngati muli zoyandama ngati chambiko, mafuta atasonkhana pamwamba osabwerera, zomata m'mbali mwa galasi, kapena botolo likufunda m'manja, zimenezo zakanika. Mwataya mamililita 6 m'malo mwa 240.

Dongosolo lothirira limatsata zilembo ziwiri zimene zili kumapeto kwa dzina la mankhwala. Muyambe ndi madzi, theka la thanki kapena kupitirirako, odutsa pasefa. Okonza madzi, monga ammonium sulphate, ngati akufunika, ndiwo oyamba. Kenako zouma: WG, amene ndi timibulu, ndi WP, amene ndi ufa. Izi musazikhuthulire m'thanki zili zouma. Mayi aliyense wophika nsima amadziwa kuti ufa wothira mwaphuma umachita mibulu, ndipo mibulu ikapangika mthiko suyithanso. Sungunulani m'kachidebe ka madzi oyera mpaka zikhale ngati phala lamadzimadzi, muthire m'thanki, mutsukuluze kachidebeko momwemo, mudikire mphindi zingapo. Mu Juni ndi Julaye, madzi atagona panja pachisanu, dikirani nthawi yotalikirapo. Zikatha zouma pamabwera SC, amadzi olemera ngati yogati. Khutchumulani botolo lake musanayeze. Kenako EC ndi EW, amafuta amene amayeretsa madzi ngati mkaka. Kenako SL, osungunuka kwathunthu, mmene muli glyphosate ndi 2,4-D wa amine. Zomatitsa mankhwala patsamba zimalowa komalizira, kuti thovu lisachuluke, ndiye mumadzazitsa madzi. Chimene dongosololi likupewa makamaka ndi mafuta kukumana ndi timibulu tisanasungunuke: mafuta amatikuta, madzi salowanso, ndipo timakathera pasefa ya nozo. Sipuleya yakumsana ilibe chotakasira ngati ya thirakitala, ndiye mukathira chilichonse tsekani, muigwedeze, ndipo mankhwala awiri osasungunula asakhudzane, ngakhale m'kapu yoyezera. Lebulo likapereka dongosolo lina, tsatani la lebulolo.

Botolo likakhala loyera musafulumire kusangalala, chifukwa limangokuuzani kuti nozo sitseka. Silinena ngati mankhwalawo akagwirizane m'kati mwa chomera. Glyphosate amafunika tsamba lamoyo kuti limunyamule kupita kumizu, ndipo ulendowo umatenga masiku. Mukamuphatikiza ndi mankhwala owotcha tsamba msanga, monga paraquat, tsamba limafa tsiku lomwelo, msewu wopita kumizu n'kutsekeka. Mawa lake udzu umaoneka wapsa, abwana n'kuyamikira, pakatha masabata atatu waphukanso. Atrazine nayenso amamufooketsa glyphosate. Mankhwala opha udzu wa mtundu wa kapinga okha, monga clethodim ndi fluazifop, amachepa mphamvu akasakanizidwa ndi 2,4-D kapena bentazone. Alimi odziwa amayamba ndi a udzuwo, ena n'kudzapopera tsiku lina. M'chimanga, mankhwala a banja la sulfonylurea, mmene mulinso halosulfuron wanu, akakumana ndi mankhwala ophera tizilombo a organophosphate, mbewu imatha kupsa. Zonsezi m'botolo zimaoneka bwinobwino. Ndiye ngakhale mwayesa m'botolo, popererani kaye kangodya kobisika ka kapinga, kuseri kwa shedi, mudikire sabata kapena masiku khumi.

Paraquat ndamutchula ngati chitsanzo chabe, musamufune. Alibe mankhwala omuthetsa m'thupi, kam'kamwa kamodzi kamapha, ndipo alibe malo pabwalo la nyumba.

Za mnzanu wa ku Diepsloot. Mchere umaphadi udzu, koma umaphanso dothi, umatsika ndi mvula kupita kumizu ya maluwa, ndipo njerwa zimatuwa. Dizilo amawotcha tsamba msanga, vuto lomwe lija la paraquat, amadya marabala a m'pampu, ndipo fungo lake silichoka panjerwa. Alipo mankhwala ena opaka pamakungwa a mitengo yolowerera amene lebulo lake limalola dizilo, koma imeneyo ndi ntchito ina, si yanuyi. Sopo wa mbale amangodzaza thanki ndi thovu mpaka mumalephera kuona mzere wa malita. Glyphosate wambiri wa m'masitolo amabwera ali ndi chomatitsa kale. Halosulfuron ndiye kawirikawiri amafuna chomatitsa, chifukwa tsamba la dawe ndi loterera, koma lebulo limatchula mtundu wake ndi mlingo wake. Mnzanuyo amaona udzu ukufota msanga n'kumati mankhwala ndi aukali. Mumufunse kuti pamalo omwewo amabwererapo kangati pachaka.

Dawe amafuna kuleza mtima. Mphamvu zake zili m'timbatata ta pansi. Musatchetche kapinga masiku awiri kapena atatu musanapopere, kuti akhale ndi tsamba lokwanira, ndipo mukapopera musatchetchenso masiku angapo. Amasiya kukula msanga koma kuchita chikasu kumatenga masabata awiri kapena atatu. Ambiri amaona ngati mankhwala sanagwire n'kupoperanso pasanathe sabata.

Nyengo ya kuno ili ndi khalidwe lake. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya ndi wouma, timadontho tating'ono timauma tisanafike patsamba kapena kutengedwa ndi mphepo. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya mabingu imakonda kubwera masana, pamene glyphosate wamba amafuna maola angapo ouma, malebulo ambiri amati asanu ndi limodzi. Ndiye nthawi yabwino ndi m'mawa mame atangouma, kamphepo kali kochepa kolowera kutali ndi maluwa. Ogasiti ndi Seputembala, mphepo ya fumbi ikuomba ndipo udzu uli wofooka ndi chilala, siyani sipuleya ipume. Chomera chimene sichikukula sichiyamwa mankhwala. Tsiku lotentha kwambiri musakhudze 2,4-D ndi dicamba, makamaka 2,4-D wa ester, amene amasanduka mpweya ngakhale atagwa kale patsamba. Popani pang'onopang'ono kuti madontho akhale akuluakulu, nozo ikhale pafupi ndi pansi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani mukakambe ndi abwana mawa lomwe: sipuleya yachiwiri. Ndikunena izi chifukwa chinandionekera. Zaka zapitazo ndikulangiza pafamu ina ya ndiwo zamasamba chaku Tarlton, ndinabwereka sipuleya imene inapoperapo 2,4-D m'mbali mwa msewu. Ndinaitsukuluza kawiri ndi madzi, ndinanunkhiza, sinkamveka kanthu, ndipo ndinauza mnyamata athiremo mankhwala a chiwawu apopere tomato. Patatha masiku anayi nsonga zonse zinali zitapindika ngati ndowe, masamba atsopano akutuluka opyapyala ngati zingwe za nsapato, mitengo yake itapotana, maluwa akuyoyoka. Mizere isanu ndi umodzi yoyambirira ndiyo inapsa kwambiri, ya thanki yachiwiri pang'ono. Mwini famu anayamba kukalipira mnyamatayo, ndipo ndinayenera kuimirira n'kunena kuti wolakwa ndine. Mankhwala a gulu la 2,4-D amakakamira m'pulasitiki ndi m'mapaipi a rabala, ndipo mankhwala amafuta amene mudzathiremo pambuyo pake amawasukunula. Tomato, mphesa, maluwa a rozi, thonje ndi fodya zimamva kachidontho kosaoneka ndi maso. Ndiye ikhale sipuleya ina ya glyphosate, ina ya m'kapinga, zolembedwa ndi penti, ndipo ya mankhwala a tizilombo pamaluwa ndi ndiwo ikhale yosiyana ndi ziwirizo, ngakhale kakang'ono ka malita asanu. Mtengo wake sungafike pa mtengo wodzalanso kapinga.

Pamene mukudikira yachiwiriyo, yambani ndi ntchito ya m'kapinga, glyphosate atsirize, ndipo tsukani tsiku lomwelo. Tsukuluzani katatu, ulendo uliwonse mukupopa kuti madzi adutse m'paipi ndi m'nozo. Pochotsa 2,4-D ndi halosulfuron, amoniya wa m'nyumba amathandiza: gawo limodzi pa magawo 100 a madzi, mupope pang'ono kuti alowe m'paipi, agone usiku, m'mawa mutsukuluzenso. Jik asayandikire pamenepo. Jik akakumana ndi amoniya, kapena ndi zotsalira za ammonium sulphate, amatulutsa mpweya wowononga mapapo. Komanso musasungunulire kapena kusunga glyphosate m'ndowa yamalata kapena mgolo wachitsulo wamba. Amadyana ndi chitsulocho n'kutulutsa mpweya wa hydrogen, umene umayaka ukakumana ndi ndudu. Pulasitiki ndi yabwino.

Mankhwala osungunula kale asagone m'thanki. Zolemera zimadikha n'kuuma pansi, ena amatha mphamvu, ndipo zosakaniza zimene zinali bwino m'mawa zimatha kulekana pofika mawa. Sungunulani okwana malo amene mwayeza. Madzi otsukira muwapopere pamalo omwe munapopera, osati kukhuthulira m'ngalande ya msewu kapena pafupi ndi mjigo. Ngalande za kumpoto kwa mzinda uno zimathera m'mitsinje ya Jukskei ndi Crocodile mpaka ku damu la Hartbeespoort, ndipo pa dolomite madzi a pansi sachedwa kulandira zimene zatayidwa pamwamba. Botolo likatha litsukuluzeni katatu, madziwo alowe m'thanki, mulibowole kuti wina asadzatungire madzi akumwa, ndipo mufunse kusitolo kumene linagulidwa za malo osonkhanitsira mabotolo otere. Bungwe la CropLife South Africa lili ndi ndondomeko yake.

Nthawi yoopsa kwambiri kwa thupi lanu ndi yothira, osati yopopera, chifukwa m'pamene mumagwira mankhwala osasungunula. Magolovesi akhale a nitrile ofika m'mikono, osati ansalu kapena achikopa amene amamwa mankhwala n'kuwasunga pakhungu tsiku lonse. Magalasi a m'maso, ovolosi, majombo. Chivindikiro cha sipuleya chikamadontha kumsana, konzani musanapitirize. Malaya onyowa ndi mankhwala kumsana kwa maola atatu ndi oipa kuposa kamphepo konse ka nozo. Zovalazo zichapidwe pazokha, osati pamodzi ndi za ana. Za glyphosate akatswiri sagwirizana: mu 2015 bungwe la IARC, lofufuza za khansa padziko lonse, linati mwina angayambitse khansa, pamene mabungwe oona za mankhwala ku America ndi ku Ulaya amati pogwiritsa ntchito moyenera ngoziyo palibe. Ine sindidikira kuti agwirizane, ndimavala magolovesi. Zodzitetezerazi ayenera kugula ndi abwana, ndipo kuyambira chigamulo cha khoti lalikulu la Constitutional Court cha mu 2020, ogwira ntchito m'makomo nawonso ali pansi pa lamulo la COIDA la chipukuta misozi kwa ovulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito. Ngati Loweruka mumagwira maganyu opopera m'makomo a anthu ena molipitsa, dziwaninso kuti lamulo la 1947 lija limafuna kuti wochita zimenezo ngati bizinesi akhale wolembetsedwa.

Musagawire mnzanu mankhwala m'botolo la chakumwa, ngakhale atachonderera bwanji. Kwathu tonse tinamvapo maliro a tameki. Kuno, mu Okutobala 2024, ana asanu ndi mmodzi anamwalira ku Naledi, Soweto, ndipo kafukufuku wa boma anapeza terbufos, mankhwala a kumunda amene amagulitsidwa m'misewu m'timapepala topanda dzina ngati ophera makoswe. Wina akamwa kapena kuthiridwa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri, musamusanzitse, imbani ku Poisons Information Helpline pa 0861 555 777, ndipo popita kuchipatala nyamulani botolo ndi lebulo lake.

Chambiko chija ngati chikadali m'sipuleya kapena m'chigubu, musachitaye pansi. Yesani kaye pang'ono m'botolo lagalasi: onjezerani madzi ofunda a mpopi ochuluka kawiri, mugwedeze. Nthawi zina timiyalato timasungunukanso. Tikasungunuka, chitani chimodzimodzi ndi zonsezo, musefe pansalu, mukapopere panjerwa kutali ndi mitengo ndi heji, m'mawa wozizira wopanda mphepo. Tikakana, tsekani m'chigubu cholembedwa dzina la mankhwala ndi tsiku, chikhale m'shedi yokhoma, abwana afunse kusitolo kumene anagula za katayidwe kake. Nozo ndi kasefa kake muzimasule, muziviike m'madzi ofunda a sopo, muzitsuke ndi mswachi wakale. Waya kapena singano imakuza kabowo, ndipo nozo yokula kabowo imathira mankhwala ochuluka kuposa mmene munayezera. Kuuzira ndi pakamwa, monga ambiri amachitira akaona kuti palibe akuwaona, musayerekeze.